Kachirombo kopanda mlomo wautali kamene kakusandutsa chimanga ndi nsungwi kukhala ufa

Bambo wina wa ku Ntcheu walemba kuti: "Chaka chino ndinaika chimanga m'nkhokwe chosatonola monga mwa nthawi zonse. Pofika mu Okutobala ndinayamba kuona ufa ukugwa pansi pa nkhokwe, ndipo nditatapa ndinapeza chimanga china chabooledwa mpaka chitsononkho chomwe. Tizirombo timene ndikupeza si anankafumbwe amene ndimawadziwa aja. Tilibe mlomo wautali, ndi toderako, ndipo mutu wake suoneka. Nsungwi za nkhokwe yomweyo nazonso zili ndi timabowo totuluka fumbi. Kodi ndi nankafumbwe wa mtundu wina? Wachokera m'nsungwizo? Nkhokweyo ndiiotche? Nanga chimangachi tingadye?"

Zikomo Bambo, ndipo mtima ukhale m'malo. Chimanga chanu chambiri chipulumuka mukachitapo kanthu masiku ano omwe, osadikira kuti mvula iyambe. Mwandithandizanso kwambiri polongosola bwino chonchi, chifukwa ambiri amangoti "chimanga chafumbwa" n'kuthera pomwepo. Inu mwaona zinthu ziwiri zimene ife timayamba kufunsa: palibe mlomo wautali, ndipo mutu ndi wobisika. Kachirombo kotero si nankafumbwe. Ndi ka banja lina, lotchedwa Bostrichidae, ndipo kulidziwa banjali n'kumene kungakuuzeni mankhwala oti mugule ndi oti muwasiye m'sitolo momwemo.

Tiyambe ndi m'mene akatswiri amagawira tizirombozi. Zikumbu zonse, zija zokhala ndi mapiko awiri olimba akunja ophimba mapiko ofewa owulukira, zili m'gulu limodzi lalikulu lotchedwa Coleoptera, ndipo mitundu yake yodziwika ndi pafupifupi 400,000. Gululi limagawidwa m'mabanja. Nankafumbwe wathu wa m'chimanga, Sitophilus zeamais, ndi wa ku banja la a mlomo wautali, Curculionidae, lomwe ndi chibanja chachikulu cha mitundu yoposa 50,000. Banja la Bostrichidae ndi laling'ono poyerekeza ndi limenelo, mitundu yake ndi 700 ndi kanthu. Analitchula dzina ndi Pierre André Latreille wa ku France mu 1802, ndipo amene anathera moyo wake wonse akulisanthula ndi Pierre Lesne wa ku Paris, yemwe anafikanso ku Mozambique mu 1928 ndi 1929 kudzatolera tizirombo. Pa chibale, abale enieni a kachirombo kanu si anankafumbwe ayi. Ndi tizikumbu ta banja la Dermestidae, tija timadya zikopa ndi nsomba zouma mpaka usipa kusanduka fumbi m'thumba, komanso ta banja la Ptinidae, momwe muli kachikumbu kamene kamaboola fodya wouma m'mabelo. Mabanja amenewa amaikidwa pamodzi m'chigulu chotchedwa Bostrichoidea.

Tsopano tengani kamodzi, mukaike pa pepala loyera panja powala, muyandikize kamera ya foni n'kukuza chithunzicho. Muona thupi lobulungira motalika, lofanana kunenepa kwake kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, loyenera kuyenda m'mphako yopapatiza. Mukayang'ana chapamwamba mutu simuuona, chifukwa chigoba cha pachifuwa chinatukuka n'kuuphimba, ngati mayi amene wafunda chitenje kumutu n'kuwerama pa mvula. Kutsogolo kwa chigobacho kuli timano tambirimbiri tokhakhala, timene kachiromboka kamagwiritsa ntchito podzikanikiza m'mphako pamene kakuboola. Mukakatembenuza chagada mpamene mutu umaonekera, utaloza pansi, uli ndi nsagwada zazifupi zolimba. Tinyanga take ndi towongoka, ndipo kunsonga kuli mfundo zitatu zazikulupo zotayana. Ta nankafumbwe ndi topindika pakati. Kenaka yang'anani kumatako. Mwa mitundu yambiri ya banjali mapiko olimba aja amathera mwadzidzidzi, motsetsereka kwambiri, ndipo ina ili ndi timinga pamenepo. Kachirombo kakalowa m'bowo, thako limenelo limatseka khomo, mdani n'kusowa pogwira.

Mphutsi zakenso zimasiyana. Mukaswa njere yofumbwa ndi nankafumbwe mupeza kamphutsi koyera, konenepa, kopanda miyendo. Ya banja la Bostrichidae ndi yopindika, yonenepa cha kumutu, ndipo ili ndi timiyendo tisanu ndi kamodzi. Chizindikiro chimenechi chimandithandiza kawirikawiri pamene munthu wabwera ndi chimanga chokha, zikumbu zazikulu zitathawa m'njira.

Chinthu chimene ndimafuna kuti alimi achimvetse n'chakuti banja lonseli ndi la oboola mitengo. Kwawo ndi kutchire, m'nthambi zouma ndi m'mitengo yongogwa kumene. Koma sikuti tizikumbuti timadya thabwa lenilenilo. Timafuna sitachi, chakudya chija mtengo umasunga m'mbali yoyera ya kunja pansi pa khungwa. N'chifukwa chake mupeza thabwa la mlombwa litadyeka mbali yoyera yokha, mtima wofiira uja uli bwinobwino. Kuti tipeze sitachi wochepa timayenera kupera thabwa lambiri, ndiye fumbi lonse mukuliona lija. M'thupi mwa tizikumbuti mumakhalanso mabakiteriya amene mayi amapatsira ana kudzera m'mazira, omwe amathandiza kupanga zolimbitsa chigoba, poti chakudya chouma chotere chilibe zonse zofunika. Ndiye taganizani kachirombo kamene nsagwada zake zinapangidwira mtengo wouma, kapeze nkhokwe yodzaza chimanga kapena makaka, zomwe ndi sitachi yekhayekha. Kamangoboola mopitirira n'kumasiya ufa wambiri kuposa umene kadya. Nankafumbwe wamkazi amangoboola kabowo pa njere, kuikira dzira, n'kumata, ndipo mphutsi imakulira m'njere imodziyo. Koma wa banja la Bostrichidae, wamkulu yemwe amalowa yekha, kuchoka njere iyi kupita inayo, kupyola makoko ndi chitsononkho, akukumba timphako ta m'mbali moikira mazira.

M'kati mwa banjali muli nthambi zingapo, ndipo akatswiri sanagwirizane kwenikweni kuti ndi zingati, chifukwa ina imakwezedwa kukhala banja palokha kenaka n'kubwezedwanso. Nthambi imene ikukukhudzani inu ndi Dinoderinae, ya tizikumbu ting'onoting'ono, ndipo itatu mwa mitundu yake ndi imene imatisowetsa tulo.

Woyamba ndi Prostephanus truncatus, amene alangizi amangomutchula kuti LGB (chidule cha dzina lake la Chingerezi, Larger Grain Borer), ena amati nankafumbwe wamkulu ngakhale si nankafumbwe. Kutalika kwake ndi mamilimita 3 mpaka 4 ndi theka, woderako, ndipo kumbuyo kwake kuli ngati kodulidwa ndi mpeni, kokhala ndi makona. Wachiwiri ndi Rhyzopertha dominica, wocheperapo, mamilimita 2 mpaka 3, wowonda, wofiirira, kumbuyo kwake kobulungira bwino. Ameneyu amakonda mpunga, tirigu ndi mapira, ndipo thumba limene wakhalitsamo limamveka kafungo kozuna konyansa. Wachitatu ndi Dinoderus minutus, wamfupi ndi wojintcha, wa mamilimita pafupifupi 3, amene ali ndi timaenje tiwiri kumbuyo kwa chigoba cha pachifuwa. Uyu ndiye mdani wa nsungwi kulikonse kumene nsungwi zimamera, ndipo ndi amene amamaliza malichero, madengu ndi mipando.

Nthambi ina ndi Lyctinae, imene kwa zaka zambiri inkatengedwa ngati banja palokha. Iyi imasokoneza ophunzira chifukwa siifanana ndi anzake: thupi ndi laphwatalala, mutu ukuonekera poyera, ndipo mfundo zazikulu za kunsonga kwa tinyanga ndi ziwiri zokha. Wamkazi salowa m'thabwa, amangolowetsa mazira m'timitsempha ta thabwalo ali kunja. Pa chifukwa chimenechi amagwira mitengo ya masamba aakulu yokhala ndi timitsempha totakasuka, paini samugwira. Akalipentala amaidziwa bwino nthambiyi ngakhale dzina sakulidziwa: kabati yagulitsidwa ili yosalala, patapita miyezi mwini wake akubwera kudzadandaula kuti pansi pake pakumapezeka timilu ta fumbi losalala kwambiri ndi timabowo ta milimita imodzi kapena awiri. Mazirawo anali m'thabwa kalekale lisanapalidwe.

M'banjali zilipo zikumbu zazikulu zomwe. Madzulo a nyengo yotentha mwina munaonapo chikumbu chakuda chobulungira, cha sentimita imodzi kapena awiri, chikugunda babu pakhonde. Kawirikawiri chimakhala cha mtundu wa Apate. Apate monachus wamkulu amaboola nthambi zamoyo za khofi, malalanje ndi mango mpaka kuthyoka ndi mphepo, pamene mphutsi zake zimakulira m'mitengo youma. Chachikulu koposa m'banja lonse ndi Dinapate wrightii cha ku California, chofika masentimita 5, chimene mphutsi yake imakhala zaka m'thunthu la mgwalangwa wa m'chipululu. Komweko kulinso Scobicia declivis, kamene kanatchuka chifukwa choboola chikuto cha mtovu cha mawaya a telefoni, madzi n'kulowa, mafoni n'kufa. Ndatchula kameneka kuti muone mphamvu ya nsagwada za banjali, musadzadabwe mukadzapeza thumba la pulasitiki litabooledwa.

Tibwerere ku nkhokwe yanu. Malinga ndi m'mene mwalongosolera, ufa wochuluka ndi zitsononkho zobooka, ndikukhulupirira kuti m'chimangamo muli Prostephanus truncatus. Kachirombo kameneka si ka kuno. Kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo George Henry Horn anakalemba koyamba mu 1878. Kanalowa mu Africa mwangozi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kuonekera koyamba ku Tabora m'dziko la Tanzania, kumene alimi anakatcha dumuzi. Mu 1984 kanapezekanso ku Togo. Ku Malawi kuno kanalowera kumpoto, cha ku Karonga, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kanafalikira ndi matumba a chimanga ndi makaka oyenda pa magalimoto. Kafukufuku woyamba ku Tanzania anapeza nkhokwe zina zitataya 34 peresenti ya kulemera kwa chimanga m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo chinangwa chouma chinkatha mpaka 70 peresenti m'miyezi inayi. Kukatentha madigiri cha m'ma 32 ndi chinyezi chokwanira, kuchoka pa dzira kufika pa chikumbu chachikulu sipatha mwezi. Wamwamuna akapeza chakudya amatulutsa fungo loitana anzake, amuna ndi akazi omwe, ndiye mupeza nkhokwe imodzi yatheratu pamene ya mnansi wanu, mtunda wosakwana kuponya mwala, ili bwino. Ambiri amaganiza zina pamenepa, koma ndi fungo limeneli basi. Kwawo ku America kali ndi mdani wake, chikumbu chotchedwa Teretrius nigrescens, chimene chinabweretsedwa dala n'kumasulidwa ku Togo mu 1991 ndi ku Kenya mu 1992. Chinathandiza m'madera ena, koma musachidalire kuti chikusungirani chimanga.

Mwafunsa ngati kachokera m'nsungwi. Mwina muli ndi mitundu iwiri nthawi imodzi, Dinoderus m'nsungwi ndi Prostephanus m'chimanga, ndipo zimenezi ndaziona kawirikawiri. Yerekezani kumbuyo kwa tizikumbu ta m'nsungwi ndi ta m'chimanga, muona ngati n'tosiyana. Komabe Prostephanus amaboolanso mitengo ndi nsungwi za nkhokwe n'kubisala momwemo chimanga chikatha, kudikira cha chaka chamawa. Choncho nkhokwe imene yagwidwa kwambiri, ine ndinganene kuti muiphwasule, nsungwi ndi mitengo yobookayo muisonkhere moto msanga. Musaiunjike kuseri kwa nyumba kuti mudzaphikire pang'onopang'ono, chifukwa muluwo ndiwo udzakhale mudzi wawo. Zitsononkho ndi makoko a chimanga chimenechi nazonso zipse tsiku lomwelo.

Chimanga chenichenicho chitulutseni chonse lero kapena mawa, muchitonole. Apa mpamene chibadwa cha banjali chimatithandiza. Kachiromboka kamaboola bwino pamene njere yagwidwa nji, monga pa chitsononkho. Njere zikakhala zotayana zimagubuduzika, ndipo kamavutika kupeza poponda. Kusunga chimanga ndi makoko ake kunkathandiza makolo athu pa nankafumbwe, makamaka chimanga cha makolo cha makoko otseka bwino kunsonga, koma kwa mlendo uyu makoko si chotchinga. Mukatonola mupete, musefe ufa wonse, muyanike padzuwa pa mkeka kapena pa lona mpaka chiume gwa. Chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Ngati mulibe choyezera, ikani njere m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichinaume.

Pa mankhwala mpamene anthu ambiri amataya ndalama. Mankhwala a ufa akale a Actellic, okhala ndi pirimiphos-methyl yekha, amapha nankafumbwe bwino lomwe koma pa tizikumbu ta Bostrichidae mphamvu yake ndi yochepa. Timeneti timafa msanga ndi mankhwala a gulu la permethrin ndi deltamethrin, amene nawonso pa nankafumbwe sachita bwino kwenikweni. N'chifukwa chake kachiromboka katafika mu Africa anayamba kusakaniza mitundu iwiri m'paketi imodzi: Actellic Super ali ndi pirimiphos-methyl ndi permethrin, Shumba Super ali ndi fenitrothion ndi deltamethrin, ndipo Actellic Gold ali ndi pirimiphos-methyl ndi thiamethoxam. Pogula werengani pa chikuto, muone kuti pali mayina awiri a mankhwala, tsiku lothera ntchito silinadutse, ndipo paketiyo ndi yomata kuchokera ku fakitale. Ufa woyera wogulitsidwa m'timapepala pa msika musagule, ngakhale wogulitsayo alumbire motani. Muyezo tsatirani umene walembedwa, musakanize pa lona ndi fosholo mpaka njere iliyonse idetsedwe, mutaphimba mphuno ndi pakamwa, ana ali kutali. Dziwaninso kuti ufa umenewu sulowa m'kati mwa njere. Umapha zikumbu zikamatuluka, choncho mukaona tina tamoyo m'masabata oyamba musafulumire kuthiranso.

Njira imene ine ndimaikonda pa chimanga chodya pakhomo ndi yotseka mpweya. Matumba a PICS ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga lililonse palokha bwinobwino, tizirombo timamaliza mpweya umene ulimo n'kufa tokha popanda mankhwala. Koma pa chimanga chonga chanuchi, chimene chagwidwa kale kwambiri, pamafunika kusamala, chifukwa tizikumbuti tikachuluka timatha kuboola pulasitiki ya m'kati tisanafe. Sefani kwambiri musanathire, dzazani thumba, finyani mpweya, ndipo musalitsegule kwa miyezi iwiri yoyamba. Liikeni pa thandala, lisagunde khoma, kutali ndi mitengo yofumbwa ndi makoswe. Nkhokwe ya malata yotseka bwino kapena mgolo wa chitsulo wotsuka bwino zimaposa thumba pa kachirombo aka, poti chitsulo sikaboola.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Musagule mapiritsi a phosphine, aja amaikidwa m'matumba n'kumatulutsa mpweya, kuti muwagwiritse ntchito m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umadutsa m'matumba wamba ndi m'ming'alu ya zitseko, ndipo umapha anthu ali m'tulo, makamaka ana. Imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, okhala ndi chilolezo, m'nyumba zosungiramo katundu zokha. Wina akapuma mpweya umenewu n'kuyamba kumva mutu, chifuwa chothina kapena kusanza, mutulutsireni panja ndipo muthamangire naye kuchipatala, mutatenga chikuto cha mankhwalawo.

Za kudya, tizikumbuti tilibe poizoni, ndipo chimanga chimene taboola chikapetedwa bwino chimadyeka, kungoti ufa wake umachepa ndipo nsima siikoma monga kale. Choopsa ndi chuku. Njere yobooka imalowa chinyezi msanga, ndipo nkhungu zina zimene zimamera pamenepo zimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene sachoka ndi kuphika. Njere zobiriwira, zakuda, zomatana kapena zonunkha chinyontho muzisankhe n'kuzikwirira, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Chimene chadyeka kwambiri koma chilibe chuku, yambani ndi chimenecho kupita nacho kuchigayo, chabwinocho n'chimene musunge. Chothira mankhwala a ufa muchipete ndi kuchitsuka musanagayitse, ndipo mudikire masiku amene alembedwa pa paketi.

Mukamadzamanga nkhokwe ina kapena kuika phaso, kumbukirani kuti Dinoderus akufuna sitachi wa m'nsungwi. Dulani nsungwi zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi, osati zanthete. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa dzinja, mphukira zatsopano zitamaliza kukoka chakudya, osati m'chilimwe chenicheni pamene nsungwi yadzaza chakudya kukonzekera kuphuka. Akuluakulu ena amati muzidula mwezi uli kumdima. Sindilimbana nawo, koma zimene ndaona zikusintha zinthu ndi msinkhu wa nsungwi ndi nyengo yodulira. Kuziviika m'madzi oyenda kwa mwezi wathunthu kumatsukuluza sitachi wambiri, ndipo amisiri amene amapanga mipando yogulitsa angachite bwino kuziviika m'madzi osungunuliramo borax ndi boric acid. Pa matabwa, chotsani mbali yoyera ija kapena muipake mankhwala otetezera matabwa musanakhome. Vanishi amatseka timitsempha kuti Lyctinae asaikire mazira atsopano, koma mphutsi zimene zili kale m'kati zimatulukabe.

Pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu ngati mwathira mankhwala oyenera koma patatha mwezi ndi theka ufa watsopano ukugwabe, kapena ngati nkhokwe zambiri m'mudzimo zagwidwa nthawi imodzi, chifukwa pamenepo pamafunika kuti mudzi wonse utonole ndi kuyeretsa pamodzi. Mukakayikira kuti mankhwala amene munagula ndi achinyengo, sungani paketiyo, nkhani zotere zimapita ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizirombo. Ngati fumbi likugwa kuchokera ku mitengo yonyamula denga la nyumba, itanani mmisiri aibaye ndi msomali kuti aone ngati m'kati mwatsala thabwa, mvula isanalemeretse udzu. Popita kwa alangizi tengani tizikumbu khumi kapena kuposerapo m'kabotolo kothira sipiriti, ta m'chimanga patokha, ta m'nsungwi patokha, mulembe tsiku ndi mudzi ndi pensulo pa kapepala n'kuponya momwemo. Iwo akalephera kuzindikira mtundu wake angathe kutumiza ku malo a kafukufuku monga Chitedze kapena Bvumbwe, kumene kuli magalasi oonera tinyanga ndi timano tija bwinobwino.